Tingawalimbikitse bwanji anzathu kuyatsa kamera pa misonkhano ya pa intaneti?

Mlembi wa ku Kabwata

Moni kwa inu nonse. Ndimagwira ntchito m'bungwe laling'ono lothandiza magulu a alimi. Likulu lathu lili kuno ku Lusaka, koma alangizi athu ambiri amakhala ku Nyimba, ku Petauke, ku Katete ndi ku Chipata. Kuyambira mu 2020, pamene mliri wa COVID-19 unatiletsa kusonkhana, msonkhano wathu wa Lolemba m'mawa timauchitira pa Zoom, ndipo mliriwo utachepa sitinaleke, chifukwa kuchokera ku Lusaka kukafika ku Chipata ndi ulendo wa makilomita oposa 500, ndipo bungwe silingathe kulipirira anthu onse basi ndi malo ogona nthawi ndi nthawi.

Chimene chikutivuta n'chakuti pafupifupi onse amazimitsa kamera. Wapampando amalankhula kwa timabokosi takuda tolembedwa mayina, ndipo akafunsa ngati pali wina amene ali ndi maganizo ena, pamangoti zii. Nthawi zina timamuitana munthu kawiri osayankha, ndipo sitidziwa ngati netiweki yaduka, kapena wachokapo, kapena sakugwirizana ndi zimene zanenedwazo koma akuopa kutsutsa akuluakulu. Chomalizachi ndicho chimandidetsa nkhawa kwambiri. Nkhani ya kagawidwe ka mbewu kapena ya tsiku lokayendera minda imaoneka ngati tamvana, ine ndimalemba m'mabuku kuti onse avomera, koma pakapita masiku timamva kuti mlangizi wina anali ndi chifukwa chomveka chokanira, chomwe tikanachiona pankhope pake tikanamufunsa pomwepo.

Akuluakulu ena m'bungwe lathu akufuna kuti tikhazikitse lamulo lakuti amene sanayatse kamera alembedwe kuti sanabwere ku msonkhano. Mtima wanga sukuvomera lamuloli, koma sindikufuna kungolikana popanda kupereka njira ina. Ndikupempha inu amene mumatsogolera misonkhano yotere, kaya kuntchito, kusukulu kapena kumpingo, kuti mundiuze zimene zakuthandizani kuti anthu azionetsa nkhope zawo mwa kufuna kwawo.

Wokonza Makompyuta wa ku Kamwala

Amayi a ku Kabwata, musanayambe kulimbikitsa aliyense, yambani mwawerengera mtengo umene mukumupempha kuti alipire, chifukwa kwa mlangizi amene akugwiritsa ntchito bandulo yogula yekha, kuyatsa kamera ndi nkhani ya ndalama.

Malinga ndi zimene a Zoom eniake amanena, mawu okha amafuna liwiro la intaneti la pakati pa 60 ndi 80 kbps. Msonkhano wa gulu wokhala ndi zithunzi umafuna pafupifupi 1 Mbps (ndiye kuti 1,000 kbps) potumiza chithunzi chanu, ndipo ngati mukuona nkhope zambiri nthawi imodzi pa sikirini, polandira pamafunika 2 Mbps kapena kuposa. Mukachita masamu mupeza kuti 80 kbps pa ola lathunthu ndi 36 MB, pamene 1 Mbps pa ola ndi 450 MB. Kotero munthu akangoyatsa kamera, bandulo yake imatha mofulumira kuposa kakhumi. Inu muli mu ofesi momwe intaneti ikulipiridwa ndi bungwe, pamene mnzanu ku Katete akuona bandulo ya sabata yonse ikutha pa msonkhano umodzi, ndipo si ambiri amene anganene zimenezi pamaso pa abwana awo.

Palinso kufooka kwa netiweki. Kumidzi, ngakhale m'makomboni ena a kuno, kutumiza ndiko kumavuta kuposa kulandira. Netiweki ikafooka, chithunzi ndi mawu zimalimbirana njira imodzi, ndipo zotsatira zake mumaona nkhope itauma pa sikirini uku mawu akudukaduka. Amene wazimitsa kamera pa nthawi yotero wachita bwino, chifukwa wateteza mawu ake kuti amveke. Tiwonjezepo magetsi. Tonse tikukumbukira 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi m'damu lopangira magetsi la Kariba ndipo miyezi ina magetsi ankazima maola oposa 17 pa tsiku. Kamera imadya batire ndipo imatenthetsa foni, ndipo munthu amene sakudziwa kuti adzatchajanso liti amasunga kamoto kali konse kotsala kuti alimi amupeze masana.

Choncho ngati bungwe likufunadi nkhope, liike bandulo ya misonkhano mu bajeti, ndipo liitumize Lamlungu madzulo kapena Lolemba m'mamawa, osati kulonjeza kubweza ndalama kumapeto kwa mwezi. Kenako aphunzitseni timaluso tochepetsera kudya kwa bandulo. Azimitse HD, yomwe ndi njira yoonetsa chithunzi chooneka bwino kwambiri. Asankhe kuona wolankhula yekha m'malo mwa nkhope zonse. Pa Zoom ndi pa Microsoft Teams pali poletsera zithunzi zobwera, kotero munthu akhoza kuonetsa nkhope yake pamene akulankhula popanda kulandira zithunzi za ena onse. Ngati alangizi angapo ali m'boma limodzi, ndi bwino asonkhane mu ofesi imodzi pa laputopu imodzi yokhala ndi intaneti yodalirika. Mabungwe ena agula Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, chifikireni ku Zambia mu 2023, koma mtengo wake umamveka ngati akuigwiritsa ntchito ndi anthu ambiri.

Kanthu kena kakang'ono kamene anthu saphunzitsidwa: ambiri amakhala atafulatira zenera, nkhope n'kuoneka yakuda bii, foni ili m'manja kamera ikuonetsa chibwano ndi denga. Akadziona choncho amachita manyazi n'kuzimitsa. Auzeni ayang'ane kumene kukuchokera kuwala, foni aitsamiritse pa mabuku kuti ifanane ndi maso, ndipo apukute kagalasi ka kamera ndi kansalu kofewa.

Mayi wa ku Mtendere

Zimene anena abambo a ku Kamwala n'zoona, koma ngakhale mutagulira aliyense bandulo, ena sadzayatsabe, ndipo ine ndine mmodzi wa anthu amene nthawi zambiri sayatsa. Ndikufuna akuluakulu anu amve chifukwa chake.

Kamera imalowetsa abwana ndi anzako onse m'nyumba mwako. Amene amakhala ku Kabulonga kapena ku Woodlands ali ndi chipinda chapadera chokhala ndi mashelefu a mabuku kumbuyo. Ife tili m'nyumba ya zipinda ziwiri, momwe pochezera ndi pomweponso pogona ana, matiresi atatsamiritsidwa kukhoma, zigubu za madzi zili pakona, ndipo mwana akhoza kudutsa nthawi iliyonse akuchokera kosamba. Palibe chochititsa manyazi pa kukhala motero, koma mlendo ndimamulowetsa m'nyumba ine mwini nditakonzeka, ndipo sizili bwino kuti bungwe lindilamule kutsegula chitseko kwa anthu onse Lolemba lililonse. Ena amati pali njira yobisira zakumbuyo kuti zisaoneke bwino. Ilipodi, koma mafoni akale ambiri saikwanitsa, ndipo amene amaikwanitsa amatha batire msanga.

Kwa ife amayi mtolowu ndi wolemera kuposa kwa abambo. Bambo akavala shati wakonzeka. Mayi amaganiza za tsitsi, za duku, za mwana amene akufuna kuyamwa pakati pa msonkhano, ndipo amadziwa kuti maonekedwe ake adzakambidwa kuposa mfundo zake. Si maganizo anga okha. Mu 2021, Kristen Shockley, Allison Gabriel ndi anzawo anasindikiza kafukufuku mu Journal of Applied Psychology, amene anatsatira ogwira ntchito 103 kwa masabata 4, masabata ena atayatsa kamera, ena atazimitsa. Anapeza kuti kuyatsa kamera kunkawatopetsa kwambiri, makamaka amayi ndi antchito atsopano, ndipo kutopako kunkachepetsa kulankhula ndi kutenga nawo mbali pa misonkhano. Ndiye kuti lamulo lomwe akuluakulu anu akufuna likhoza kubweretsa nkhope zambiri koma mawu ochepa, pamene inu mwanena kuti chimene mukusowa ndi maganizo a alangizi. M'chaka chomwecho aphunzitsi a ku Cornell University anasindikiza zimene anapeza atafunsa ophunzira awo chifukwa chozimitsira kamera, ndipo chifukwa chimene chinatchulidwa kwambiri chinali nkhawa ya maonekedwe, kenako kuopa kuti anthu ena a m'nyumba aoneka kumbuyo, ndiyeno kufooka kwa intaneti. Ngati zili choncho ku America, nanga kuno?

Chimene chimandithandiza ine ndi kuuzidwiratu. Uthenga woitanira msonkhano ukanena kuti pa mphindi zoyambirira tidzaonana, ndiponso kuti wopereka lipoti adzayatsa kamera pa nthawi ya lipoti lake, ndimakonzekera: ndimapeza pakhoma poyera, mwana ndimamusiya kwa aneba kwa kanthawi, ndipo ndimayatsa ndi mtima wonse. Chimene chimapweteka ndi kutchulidwa dzina mwadzidzidzi pamaso pa onse kuti, "Mayi, tikufuna tikuoneni." Pamenepo munthu umasankha pakati pa kunama kuti netiweki yavuta ndi kuonekera usanakonzeke. Wapampando amene akufuna kudziwa chifukwa chimene wina sayatsira kamera amuimbire foni payekha msonkhano utatha.

Mkulu wa Mpingo wa ku Chilenje

Ndawerenga mawu a mwana wanga wa ku Mtendere ndipo ndawamva, koma ndikupempha kuti tisafike poganiza kuti nkhope ilibe ntchito. Kwathu nkhani siyamba anthu asanapatsane moni, ndipo moni ndi wa maso ndi maso. Ukamuona munthu umadziwa ngati wadzuka bwino, ngati kunyumba kuli matenda, kapena ngati mtima wake uli kwina. Mu komiti yathu ya mpingo, momwe ena amalowa ali ku Kafue ndipo ena ali ku Johannesburg, tinadziwa kuti mlongo wathu wina akudwala chifukwa chakuti tinamuona atawonda pa nthawi ya moni, pamene mawu ake ankanena kuti ali bwino. Tikanangomva mawu okha tikanachedwa kukamuona.

Zimene timachita ife n'zosavuta. Pa mphindi zoyambirira wapampando amapereka moni kwa aliyense pomutchula dzina, ndipo amene angathe amayatsa kamera poyankha. Tikapemphera, aliyense ali ndi ufulu wozimitsa. Pomaliza timayatsanso potsanzikana. Sitinalembe lamulo lililonse. Poyamba ankayatsa anthu awiri kapena atatu, koma akuluakulufe sitinasiye kuyatsa zathu, ndipo sitinadzudzule aliyense. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pang'onopang'ono ena anayamba kutsatira, ataona kuti abusa nawonso akuonekera ali pakhonde pawo, nkhuku zikulira kumbuyo, ndipo palibe amene akuseka.

Amayi a ku Kabwata, funsani akuluakulu anu ngati iwo eni amayatsa nthawi zonse, kuphatikizapo pamene mlangizi wamng'ono akupereka lipoti. Ndaonapo atsogoleri amene amayatsa pamene akulankhula iwo, n'kuzimitsa pamene akulankhula wamng'ono. Wamng'onoyo amadziwa tanthauzo lake, ndipo sabata yotsatira nayenso sayatsa.

Mphunzitsi wa ku Chelstone

Ndimaphunzitsa akuluakulu amene amachita maphunziro a madzulo pa intaneti, ndipo ndikuganiza kuti funso la amayi a ku Kabwata lili ndi mavuto awiri amene alumikizana: nkhope zosaoneka, ndi anthu osalankhula. Lachiwirilo silingathetsedwe ndi kamera. Munthu akhoza kukuyang'anani ola lonse akugwedeza mutu koma mumtima akukana, monga momwe zimachitikiranso m'misonkhano ya m'chipinda chimodzi.

Funso lakuti "pali amene ali ndi maganizo ena?" ndi lovuta kuyankha pa intaneti, chifukwa mawu amachedwa pang'ono kufika, aliyense amaopa kulankhula nthawi imodzi ndi mnzake, ndipo wamng'ono amadikira kuti wamkulu ayambe. Wapampando azifunsa munthu mmodzimmodzi funso lokhudza dera lake, monga kufunsa wa ku Petauke ngati galimoto ingafike kwa alimi ake pa tsiku limene latchulidwalo, poganizira mvula ndi msewu. Mafunsowo atumizidwe pa WhatsApp tsiku lisanafike, kuti munthu abwere ndi yankho. Pa nkhani yofunika kumvana, aliyense alembe "ndavomera" kapena "ndili ndi funso" pamalo olemberana mauthenga, ndipo mlembi asalembe kuti onse avomera pongoona kuti palibe walankhula. Ndaonanso kuti ndikawagawa ophunzira m'timagulu ta anthu atatu kapena anayi, makamera amayaka okha, chifukwa kuonekera kwa anzako ochepa n'kosavuta kusiyana ndi kuonekera kwa khamu.

Za kutopa kuja, Jeremy Bailenson wa ku Stanford University analemba mu February 2021 zifukwa zinayi: kuyang'anana m'maso chapafupi kwa nthawi yaitali, kudziona wekha mosalekeza, kukhala malo amodzi osasuntha, ndi ntchito yaikulu imene ubongo umagwira potumiza ndi kumasulira zizindikiro za thupi pa sikirini. Choyambacho chili ndi kulemera kwina kwa ife. Ambiri tinaleredwa kuti wamng'ono sapenyetsetsa wamkulu m'maso, koma amatsitsa maso posonyeza ulemu. Pa Zoom nkhope ya abwana imakhala pafupi ndi yako, ikukuyang'ana nthawi yonse, ndipo mlangizi wachinyamata samasuka. Chachiwiricho chili ndi mankhwala apafupi: pali posankha kubisa chithunzi chako kwa iwe mwini pamene ena akukuonabe. Ophunzira anga ambiri sankadziwa zimenezi, ndipo atadziwa, ena anayamba kusiya kamera ili yoyaka.

Komabe pali pamene ndikusiyana pang'ono ndi amayi a ku Mtendere. Misonkhano ina imafunadi nkhope, ndipo bungwe lili ndi ufulu wonena zimenezo momveka: pofunsa mafunso munthu wofuna ntchito, polandira wantchito watsopano amene sanaonanepo ndi anzake, pokambirana mkangano, kapena popepesa mnzathu amene waferedwa. Komanso tisaiwale anzathu amene ali ndi vuto la kumva. M'kalasi mwanga munali bambo wina amene ankadalira kuona milomo ya wolankhula, ndipo mawu olembedwa ndi makina sankamuthandiza mokwanira, chifukwa timasakaniza Chingelezi ndi Chinyanja m'chiganizo chimodzi. Kwa iye kamera ya wolankhula ikazima, phunziro linali latha. Anzake atauzidwa chifukwa chimenechi, ndi chilolezo chake, palibe amene anakananso kuyatsa polankhula. Choncho ngati akuluakulu anu akufuna chinthu cholembedwa, chikhale chakuti wolankhula ayatse kamera ngati netiweki ikulola, ndipo omvera asankhe okha. Msonkhanowo uchepetsedwenso, chifukwa munthu angapirire kuonekera kwa mphindi 40 koma osati kwa maola awiri.

Mlembi wa ku Kabwata

Zikomo kwambiri nonse. Ndikapereka kwa akuluakulu mfundo izi: bandulo ya misonkhano ilowe mu bajeti, tizionana pa nthawi ya moni ndi potsanzikana, wopereka lipoti aziyatsa kamera, ndipo kuvomera kuzikhala kolemba kapena kwa pakamwa kwa munthu mmodzimmodzi. Lamulo lolemba munthu kuti sanabwere ndikalikana, ndipo masamu a abambo a ku Kamwala ndikawaonetsa monga momwe alili. Mawu a agogo a ku Chilenje onena za atsogoleri amene amazimitsa kamera pamene wamng'ono akulankhula ndikawafikitsanso mwaulemu.

Ndatsala ndi funso limodzi. Misonkhano yathu yonse timaijambula kuti amene netiweki inamudukira adzamvere pambuyo, ndipo timaitumiza pa gulu la WhatsApp. Kodi zimenezi zingakhale zina mwa zifukwa zimene anthu amabisira nkhope zawo?

Wokonza Makompyuta wa ku Kamwala

Amayi, zingathekedi, ndipo ndikuganiza kuti ndi chifukwa chachikulu. Munthu akamva kuti msonkhano ukujambulidwa amadziwa kuti nkhope yake, nyumba yake ndi mawu ake onse zisungidwa, ndipo zikangolowa pa WhatsApp palibe amene angaletse kuti zitumizidwe kwina. Mlangizi amene akufuna kutsutsa abwana ake sangachite zimenezo momasuka akudziwa kuti kanemayo akhala m'mafoni a anthu kwa zaka.

Kumbukiraninso kuti Zambia ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, la Data Protection Act la 2021, ndipo chithunzi ndi mawu a munthu amene angazindikirike ndi zina mwa zinthu zimene bungwe liyenera kusamala potolera ndi posunga. Auzeni anthu chifukwa chimene mukujambulira, amene adzaone, ndi nthawi imene mudzafufute. Jambulani gawo la malipoti ndi malangizo lokha, ndipo muimitse pa nthawi ya moni ndi ya zokambirana, wapampando atanena momveka kuti kujambula kwaima. Kwa amene anadukidwa netiweki, atumizireni mawu okha kapena chidule cholembedwa cha zimene mwamvana. Kanema wa ola lathunthu ndi wolemera kwambiri moti mlangizi wa ku Nyimba sangamutsitse n'komwe pa foni yake.